Lipoti la msonkhano wa FreeCAD: chifukwa chake bulaketi yathu ija inasokonekera

A Wapampando ndi anzanga nonse a m'gulu,

Ndabwerako ku msonkhano wa masiku awiri wa FreeCAD, pulogalamu yojambulira zida pa kompyuta, womwe munandituma uja, ndipo zikomo kwambiri chifukwa cha ndalama ya ulendo ndi malo ogona yomwe munasonkha. Nkhani zinalipo zambiri, koma ine khutu langa linali pa funso limene munandisenzetsa: bwanji chojambula chathu chimasokonekera tikangosinthako pang'ono, ndipo Undo, lamulo lobweza zimene wangochita, osatipulumutsa?

Mukukumbukira bulaketi ya mota ya chigayo ija. Titamaliza kuijambula, kasitomala anadzati mota yake ndi ina, pakufunika bowo lina la bawuti. Titawonjezera bowolo mu sketch yoyamba, chojambula chafulati chomwe bulaketi inachokerapo, kamphako ka pamwamba kanathawira m'mbali, ndipo zizindikiro zofiira zinadzaza mndandanda wa kumanzere. Tinajambulanso usiku wonse. Fayilo imeneyo ndinapita nayo, ndipo mphunzitsi anaitsegula pamaso pa onse.

Poyamba za Undo. FreeCAD imakumbukira masitepe 20 okha ngati simunasinthe mu Preferences, ndipo mukatseka fayilo, kukumbukira konseko kwatha. Ife tinasunga fayilo yosokonekerayo, n'kutseka, n'kupita kukadya. Pobwerako Ctrl+Z analibenso chobweza.

Mbiri yeniyeni ya chojambula ili mu mndandanda wa kumanzere uja. Kompyuta sisunga bulaketi ngati chitsulo chothaitha, imasunga malangizo: jambula sketch, ikweze ndi Pad, kumba ndi Pocket, salaza m'mphepete ndi Fillet. Mukasintha langizo limodzi, imabwerezanso onse otsatira. Kajambulidwe kameneka kanatchuka ndi Pro/ENGINEER kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo SolidWorks ndi Fusion 360 zimayendera komweko. Mu FreeCAD muli lamulo la Set tip, lomwe limakubwezerani pa sitepe yakale kuti mulowetsepo china pakati. Ineyo zaka zonsezi sindinkaligwiritsa ntchito.

Tsono apa ndiye pagona nkhani. Mbali iliyonse ya chinthu imapatsidwa nambala: Face1, Face2, mpaka kumapeto. Sketch ya kamphako kathu tinaikhazika pa mbali ya pamwamba, yomwe panthawiyo inali Face6. Mphunzitsi anatiuza kuti tiyang'ane pansi pa sikirini, pomwe pamalembedwa dzina la mbali imene mwaloza. Anawonjezera bowo lija, n'kulozanso pamwamba pomwepo. Nambala inali itasintha. Bowo latsopano labweretsa mbali yakeyake, OpenCASCADE, yomwe ndi injini yowerengera maonekedwe mkati mwa FreeCAD, yawerenganso zonse, ndipo dzina la Face6 lapita kwina. Sketch yathu inangotsatira dzinalo mokhulupirika, ngati mwana wotumidwa ku nyumba yachisanu ndi chimodzi pomwe pakati pamangidwa nyumba ina. M'chipindamo anthu ambiri anagwedeza mitu, kusonyeza kuti si ife tokha tinapsapo. Vutoli amalitcha topological naming problem.

Nkhani yabwino ndi yakuti FreeCAD 1.0, yomwe inatuluka mu Novembala 2024 patatha zaka zoposa 20 pulogalamuyi ikupangidwa, ili ndi njira yochepetsera vutoli, yochokera ku ntchito ya katswiri wodziwika ndi dzina loti RealThunder. Mmalo modalira nambala yokha, imalondola kumene mbali iliyonse inachokera. Tinajambulanso bulaketi yomweyo mu 1.0, n'kuwonjezera bowo, kamphako kanakhala pamalo pake. Koma mphunzitsi anatsindika, ndipo ine ndikugwirizana naye, kuti kuchepetsa si kuthetsa. Mukachotseratu mbali imene sketch yatsamirapo, palibe chimene chingailondole.

Ndiye kajambulidwe kathu kasinthe. Sketch tiziikhazika pa malo afulati oyambira a XY, XZ kapena YZ, kapenanso pa datum plane, malo afulati amene timadziikira tokha, n'kuikweza ndi muyeso umene tikufuna, chifukwa zimenezi sizisintha maina. Fillet ndi Chamfer, yomwenso imadula m'mphepete, zizibwera kumapeto, poti ndizo zimayamba kusweka. Miyeso ikuluikulu, monga kutalikirana kwa mabawuti ndi kuchindikala kwa chitsulo, tiziilemba mu Spreadsheet kuti posintha tizisintha malo amodzi. Ndikudziwa ena ati izi n'zochedwetsa. Inde, zimatengako mphindi zingapo poyamba. Koma kasitomala wosasintha maganizo ine sindinamuonepo pa shopu pathu.

Tinakambiranako za mafayilo a STEP, osinthanirana zojambula pakati pa mapulogalamu osiyana, amene anthu amatitumizira. Amenewa alibe mbiri, ndi thupi lokha, choncho mulibe Pad kapena Pocket yoti musinthe. Mapulogalamu monga SpaceClaim, kapena Solid Edge ndi Synchronous Technology yake ya 2008, amalola kukoka mbali mwachindunji, koma ndi ogula. Kwa ife, Defeaturing ya mu Part imathandiza kuchotsa mabowo ndi tizinthu tina, ngakhale nthawi zina imakana. Ngati wotumizayo anajambula mu FreeCAD, tizimupempha fayilo yeniyeniyo ya FreeCAD, yothera ndi FCStd.

Chimene chinandiwawa n'chakuti pambali pa fayilo yathu panali ina yothera ndi FCBak, yomwe ndi kope la m'mbuyo limene FreeCAD imasiya yokha mukamasunga. Tikanangoisintha dzina kuti ithere ndi FCStd, tikanapeza bulaketi isanasokonekere. Ife tinasunganso kawiri, n'kuifafaniza. N'chifukwa chake ndikupempha gulu livomereze kuti tisanayambe kusintha kwakukulu kulikonse, tizisunga fayilo ndi dzina latsopano, v01, v02, ndipo imodzi izikhala pa flash ya gulu.

Loweruka ndibwera ndi FreeCAD 1.0 kuti tiike pa makompyuta onse atatu, asawononge bandulo aliyense. Mafayilo akale tiyambe tawakopera padera tisanawatsegule mu yatsopanoyi. Amene muli ndi chojambula chomwe chinakukanikani, bwerani nacho, tidzayambira chimenecho.

Ndine mthenga wanu.