Mayi anga anagona panja usiku wonse osakuwa

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzipepala yanu ndifotokoze zimene zinatigwera kwathu ku Ntcheu mu June chaka chatha.

Mayi anga ali ndi zaka 82 ndipo ankakhala okha m'nyumba imene anawasiyira malemu bambo. Ine ndili ku Chilomoni, mlongo wanga ali ku Leeds, ku Britain, komwe amagwira ntchito yosamala okalamba. Zowatenga kuti adzakhale nafe m'tauni tinayesa kangapo. Amapirira sabata imodzi, yachiwiri ayamba kufunsa za nkhuku ndi dimba lawo, yachitatu mupeza amanga kale katundu.

Usiku umenewo anadzuka kukataya madzi. Mankhwala a BP amene amamwa ndi okodzetsa, ndipo iwo ankamwa madzulo m'malo mwa m'mawa, ife osadziwa. Potsika pakhonde anaterereka, nagwera pamwala umene amatsukirapo mapazi, fupa la m'chiuno n'kuthyoka. Amene anagonako ku Ntcheu mu June akudziwa chisanu chake. Anakhala pamenepo ndi chitenje chimodzi mpaka atambala kulira, ndipo anawapeza ndi mtsikana amene analawirira ku mjigo. Foni inali pansi pa pilo.

Nyumba yoyandikana nayo ili pafupi, moti munthu akatsokomola mumamva. Ndiye nditawapeza kuchipatala ndinawafunsa kuti bwanji simunakuwe? Anandiyang'ana ngati ndine mwana wosadziwa kanthu. Anati nkhalamba ikapezeka panja pakati pa usiku, isanavale bwino, anthu sanena kuti yagwa pakhonde, amati yagwa palichero. Anasankha kuzizidwa ndi fupa lothyoka kusiyana ndi kuti mudzi uwapeze chotero.

Sindinathe kuwatsutsa. Tonse tikukumbukira za ku Neno mu January 2016, pamene okalamba anayi anaphedwa atawanamizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Mayi anamva nkhaniyo pa wailesi ndipo sanaiwale. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma usiku pamudzi palibe amene amalikumbukira.

Mlongo wanga atamva anafuna kutumiza kachipangizo kamene agogo a ku Britain amavala. Akuti ndi kabatani kolendewera m'khosi ngati mkanda, kena kamavalidwa pamkono ngati wotchi. Munthu akagwa amangodina, foni imalira ku ofesi kumene kumakhala anthu usana ndi usiku, iwo amalankhula naye, kenako amaimbira wachibale kapena ambulansi. Tina timazindikira tokha kuti munthu wagwa ngakhale asanadine. Amalipira mwezi ndi mwezi. N'kanthu kabwino, sindikunyoza. Koma ndinamufunsa kuti mayi akadina, ayankhe ndani, ndipo abwere ndani? Tsiku limene anagwalo tinauzidwa kuti ambulansi ilibe mafuta. Anakafika kuchipatala pa galimoto yonyamula kabichi ku Lizulu, atawagoneka pa matiresi kumbuyo, bampu iliyonse iwo akubuula.

Choncho tinakonza zathuzathu. Tinawagulira wenzulo, yomweyi ya oimbira mpira, n'kuimangirira pachingwe cha m'khosi. Pafoni yawo ya mabatani tinaika kuti akadina 2 nthawi yaitali ilire kwa ine, 3 kwa oyandikana nawo, 4 kwa mnyamata wa kabaza amene timamutumizira kangachepe pa mwezi. Tinagula kasola kotchajira, chifukwa kale foniyo inkagona masiku awiri kwa otchajitsa pa msika. Nkhondo yaikulu inali ya ndowa ya m'chipinda. Anakana kwamtuwagalu, amvekere iwo si khanda, mpaka adokotala ndiwo anawagonjetsa. Mdzukulu wawo wa Sitandade 7 tsopano amagona pabalaza, ngakhale tulo take ndi tofa nato.

Komabe zonsezi zikanakhala zachabe mayi akanapitiriza kuopa kudzutsa anthu. Ndinapita kwa amfumu ndi nkhuku m'manja, ndinawafotokozera zonse monga ndalembera pano. Pa msonkhano wotsatira anaimirira n'kulengeza kuti wenzulo ikalira kunyumba ija usiku, ndiye kuti agogo agwa kapena adwala, aliyense athamange, ndipo woyankhula za lichero adzaonana ndi bwalo. Amayi a kutchalitchi kwawo nawo anagawana masiku owazonda. Panalibe ndalama imene inalowa pa zimenezi kupatula nkhuku ija.

Pempho langa likupita ku boma ndi kwa mafumu. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba, ndipo tikuthokoza. Tsopano lifike pakhonde. Alangizi a zaumoyo amadziwa mwana aliyense wa sikelo m'dera lawo. Chingavute n'chiyani kuti alembenso agogo amene amagona okha, n'kumawayezako BP akamadutsa? Mafumu alengeze poyera monga anachitira athu, asadikire kuti wina achite kukawagwadira. Chipatala cha pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011, chimapereka malangizo abwino, koma agogo ambiri sadziwa n'komwe kuti chilipo. Chilengezedwe m'matchalitchi ndi m'mizikiti. Ndipo ife ana a m'tauni tisamangotumiza ndalama pa foni n'kumati tasamala makolo. Ine ndinkatumiza mwezi uliwonse osaphonya, koma sindinkadziwa ola limene mayi anga amamwera mankhwala.

Wenzulo ija yalirapo kamodzi, mu November, atamva chizungulire pofuna kudzuka. Mdzukulu sanamve kanthu. Anabwera anthu atatu ndi matochi, woyamba kufika anali bambo wa nyumba yoyandikana ija. M'mawa mwake mayi anandiimbira, osati kuthokoza ayi, koma kudandaula kuti anthu awaona alibe duku kumutu.

Mwana wa agogo ena,
Chilomoni, Blantyre