Za handulo ya ma flap ija, musaiulutse kaye

Achimwene,

Voisi yanu ya pa WhatsApp ndaimvetsera bwinobwino koma netiweki kuno ku Senga Bay ikuvuta nde ndati ndingolemba zonse pakamodzi muwerenge mwachifatse. Kunyumba onse ali bwino, kungoti mwera wayamba kuomba, asodzi sakulowa pakati ndipo usipa wadula.

Tsopano za kandege kamene munamanga ndi abwana anu ku Johannesburg. Mwati handulo yotsitsira ma flap, timapiko ta kumbuyo kwa mapiko tothandiza potera tija, mukaikoka kufika pa dzino lachiwiri la chitsulo cha mano choimitsira handuloyo imagwira ndege ili pansi, koma m'mwamba imadzimasula yokha ma flap n'kubwerera, komanso batani lapamwamba lija nthawi zina limakana kulowa. Chonde isauluke kaye mpaka mupeze chomwe chikuchititsa. Ma flap akabwerera okha mukutera, phiko limataya mphamvu yonyamula nthawi yomweyo ndege n'kutsika mwadzidzidzi muli pafupi ndi nthaka, pamenepo palibe mpata wokonza chilichonse.

Kuti pansi ikugwira zisakunamizeni. Pansi kachitsulo kogwira mano kaja sikanyamula katundu weniweni, koma m'mwamba mphepo imakankha ma flap kuti abwerere ndipo mphamvu yonseyo imadutsa m'ndodo zija, kulowa mu paipi, kukathera pa kachitsulo kakang'onoko. Nde poyesa khalani m'kati inuyo, anthu awiri aime kumapiko azikankhira ma flap m'mwamba ndi zikhatho, pang'onopang'ono komanso pafupi ndi pomwe ndodo yamangidwa osati pakati pa chitini angachipinde. Ikadumpha pamenepo ndiye kuti vuto mwaligwira ndi maso.

Za batani kulimba zokha sizindidetsa nkhawa kwambiri. Ngakhale pa ndege ya Piper Cherokee, ija ma flap ake amaima pa madigiri 10, 25 ndi 40, umayamba wakokako handulo pang'ono kuti kachitsulo kapepukidwe kenako n'kudina batani. Mphepo ikamakankha ndiye iwe n'kumadina ndi chala chokha, limakana basi. Afunseninso abwanawo liwiro lomwe amatsitsira ma flap, singano izikhala m'kati mwa mzere woyera wa pa geji ya liwiro, kupyola pamenepo handulo imalemera zedi ndipo mano amadyeka msanga.

Pomwe ndikukayikira ine ndi m'kati mwa handulo momwemo. Batani limakankha kandodo kodutsa m'paipi ya handulo, sipuling'i ndi yomwe imabweza kachitsulo kuti kakhazikike m'dzino. Masulani muone ngati sipuling'i yafooka kapena yathyoka, ngati kandodo kapindika kakukhula m'mbali, ndiponso girisi wakale, ameneyu akasakanikirana ndi fumbi amauma gwa ngati nsima yogona ndipo kachitsulo kamangolowa theka. Pali njira yosavuta yoonera, pakani inki ya maka pa mano onse, kokani handulo kangapo, pomwe inki yafufutika mpomwe zitsulo zikukhudzana. Ikafufutika kunsonga kokha ndiye kuti sikakufika pansi pa dzino. Onaninso ngati m'mphepete mwa dzino lachiwirilo mwabulungika, chifukwa ndi lomwe limagwira ntchito kwambiri, komanso mabawuti ogwira chitsulo cha manocho, akakhwefuka chitsulo chonse chimasuntha n'kuthawa.

Apa ndikupempheni ndi mtima wonse achimwene, musatenge tupa n'kuyamba kukumba dzinolo, musapitenso nacho kwa owotcherera. Ndikudziwa manja anu, m'galaja munapulumutsa magalimoto ambiri ndi nzeru zoterozo, koma kuwotcherera kumasintha kulimba kwa chitsulo ndipo tupa imasintha ngodya ya dzino, chimaoneka chabwino lero mawa n'kudzamasuka muli m'mwamba. Ngati chadyeka itanitsani china kapena chidulidwe chatsopano motsata mapulani a ndegeyo, chitsulo chake chomwecho, kukhuthala kwake komweko.

Poti mwatsegula kale pansipo musatseke musanatsate njira yonse mpaka kumapiko, pakuti chomwe chimandiopsa kuposa handulo ndi flap imodzi kutsika ina n'kutsala. Zikatero ndege imagudubukira mbali imodzi mwamphamvu. Yang'anani paipi yolumikiza mbali ziwiri ija amaiti torque tube, makamaka mowotcherera timikono take, ndi tochi yowala bwino, mng'alu umayamba ngati kamzere chabe mu penti. Ndodo zonse zili ndi timitu ta bering'i kumapeto, onani ngati nati yotsekera ili yolimba komanso ngati mazinga alowa mokwanira, ndodo zambiri zili ndi kabowo koyesera, kawaya kakadutsa ndiye kuti kamutuko katuluka kwambiri. Nati iliyonse ya mano ikhale ndi pini yake yatsopano. Ndipo pisani dzanja pansi pa mipando, cholembera, ndalama yachitsulo, chitsulo cha lamba, kapeti yopindika, zonsezi zimatchinga handulo isafike. Kuno kunyanja ndikanawonjezera dzimbiri ndi zisa za mavu, kwanuko kouma mwina fumbi ndi lomwe lachuluka.

Mukamaliza yezani. Foni yanu yomweyo ili ndi levulo, igonekeni pa flap ya kumanzere kenako ya kumanja pamalo ofanana, dzino lililonse, mulembe manambala muyerekeze ndi buku la ndegeyo. Gwedezaninso flap iliyonse handulo itagwira, isakhale ndi lege-lege.

China musaiwale, Johannesburg ili pamwamba, mamita oposa 1,700, pomwe kuno kunyanja sitifika ndi 500 omwe. Mpweya wakwanuko ndi wopepuka nde ndege imatera ikuthamanga kwambiri, kutera opanda ma flap kumadya msewu wautali. Poyesa koyamba asankhe bwalo lalitali, m'mawa kusanatenthe, ndipo ma flap akawayesere pamwamba kutali ndi nthaka. Asanatero aitane AP wawo, uja wovomerezeka kuyendera ndege zodzimangira ngati yanuyo, za nambala yoyamba ndi ZU, aone ntchitoyo asayine m'buku.

Munditumizire zithunzi za mano aja mutapaka inki, chapafupi, ndi cha sipuling'i mutaiika pambali pa rula. Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wa ku Salima