Maswenka si anthu ongodzionetsera

Akonzi,

Sindikugwirizana ndi nkhani yanu imene inamasulira mawu akuti swenka ngati munthu wongodzionetsera. Mawuwa anachokeradi ku Chingerezi, swank, koma Azulu obwera kudzagwira ntchito kuno ku Johannesburg anawapatsa tanthauzo lina: mwamuna waukhondo ndi waulemu amene amapikisana pa kutchena Loweruka usiku, makamaka ku Jeppestown, kawirikawiri pamodzi ndi magulu oimba isicathamiya, nyimbo za Azulu zimene amuna amaimba popanda zida zoimbira.

Ndinaonapo ndekha bambo wina akuzungulira pang'onopang'ono, n'kukweza thalauza pang'ono kuti woweruza aone kuti masokosi akugwirizana ndi tayi. Ambiri mwa iwo masana amagwira ntchito yakalavulagaga.

Ndikupempha kuti mtolankhani wanu akacheze nawo asanalembenso, ndiponso asamawasokoneze ndi masapeur, anthu ena otchuka pa kutchena a ku Brazzaville ndi Kinshasa.

Wowerenga wanu,
Johannesburg