Musanagule maiki ina, fufuzani kumene eko ikulowera

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndilankhule ndi anzanga amene timayendetsa ndege pakompyuta, makamaka aja amene anatopa ndi kusakasaka mabatani n'kuyamba kulamula ndege ndi pakamwa. Dandaulo lawo ndi limodzimodzi: maiki ikubwereza mawu, ndipo pulogalamu yozindikira mawu mwina sikumva, mwina ikumva kawiri. Malangizo amene timapatsana mothamanga ndi awiri, akuti gula maiki ina, apo ayi akuti Chingerezi chako ndicho chikusokoneza. Onse awiriwa ine sindigwirizana nawo. Eko, kubwereza mawu kumeneku, imakhala ndi njira imene yadzera, ndipo denga likamadontha sugula ndowa yaikulu, umakwera kukaona pamene pabooka.

Kwa amene sazidziwa, mapulogalamu ngati Microsoft Flight Simulator, imene inayamba kutuluka mu 1982, kapena X-Plane ndi DCS World, amakuika pampando wa woyendetsa ndege uli m'nyumba. Pambali pake ena timaika VoiceAttack, imene imamvetsera mawu ako n'kukudinira batani. Ukati "gear down", mawilo amatsika. Palinso ena ngati Pilot2ATC amene amakhala m'malo mwa wapansanja wolondolera ndege: iwe ulankhula, iwo ayankha ndi mawu.

Apa ndiye pamene eko imasiya kukhala chongonyansa m'makutu. Batani la G, limene ambiri analumikiza ku lamulo la mawilo, ndi limodzi lomwelo lotsitsira ndi lokwezera. Mnzanga wina anandiitana kuti ndikaone "ndege yamizimu". Anali pa Beechcraft Baron, msewu woterapo uli patsogolo pake, n'kunena kuti "gear down". Mawilo anayamba kutsika, kenaka n'kubwereranso m'mimba mwa ndege. Iye anali atailamula pulogalamu yozindikira mawu kuti izibwereza lamulo lililonse mokweza pofuna kutsimikiza kuti yamva, ndiye mawu otsimikizawo amatuluka m'masipika, n'kulowa m'maiki, pulogalamu n'kudzimvera yokha. Maiki inalibe mlandu, ndipo inamva bwino kwambiri. Za wapansanja n'zoipirapo, chifukwa lamulo la pawailesi ya ndege ndi lakuti woyendetsa abwereze zimene wauzidwa. Mawu a wapansanja ndi yankho lako amafanana pafupifupi liwu ndi liwu. Akalowa m'maiki, pulogalamu ingasiyanitse bwanji?

Choncho funso loyamba si lakuti maiki ndi ya mtundu wanji. Funso ndi lakuti eko akuimva ndani: iwe mwini, pulogalamu, kapena anzako a pa intaneti? Yankho limapezeka mosavuta. Tsegula pulogalamu iliyonse yojambulira mawu, kaya Audacity kaya ija imabwera ndi Windows, injini ya ndege ikulira, wapansanja akulankhula. Khala duu kwa kanthawi, kenaka nena mawu ochepa, ndiye umvetsere zimene wajambula. Zimene zili mmenemo ndi zimene pulogalamu yozindikira mawu imalandira, osati zimene makutu ako amamva.

Ngati zojambulazo zili zoyera koma iwe umadzimva m'mahedifoni mochedwerako, vuto lili pafupi. Dina batani la Windows pamodzi ndi R, lemba mmsys.cpl, pita pa Recording, sankha maiki yako, tsegula Properties, kenaka Listen. Pali kabokosi kolembedwa "Listen to this device". Chotsapo kachizindikiro. Kabokosi kameneka kamatenga mawu ako, kuwazungulitsa m'kompyuta, n'kukubwezera atachedwa, ndipo munthu akamadzimva mochedwa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi amayamba chibwibwi ngakhale sanabadwe nacho. Ukayamba kudodoma, pulogalamu nayo imaphonya. Koma tisasokoneze ndi sidetone, kuja kodzimva nthawi yomweyo popanda kuchedwa. Kumeneko n'kwabwino, mahedifoni a m'ndege zenizeni amakhala nako kuti munthu asamakuwe. Choipa ndi kuyatsa zonse ziwiri, pamenepo umadzimva kawiri. Amene amagwiritsa ntchito Voicemeeter kapena OBS, mapulogalamu osakaniza ndi kujambula mawu, ayang'anenso mmenemo, popeza namonso muli njira yobwezera maiki m'makutu, ndipo anthu amaiyatsa tsiku loyesera n'kuiwala.

Ngati m'zojambulazo mukumveka injini ndi wapansanja, ndiye kuti phokoso la ndege likulowa m'maiki, ndipo makomo ake ndi angapo. Khomo lalikulu ndi masipika. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, kotero kuchoka pa sipika kufika pa maiki ya patebulo palibe n'kuphethira komwe. Kutsitsa voliyumu kumangochepetsa, sikuthetsa. Vala mahedifoni, makamaka otseka kumbuyo, chifukwa aja otseguka amadontha mawu ndithu.

Ndiyeno pali Microphone Boost, pa Levels pomwepo m'ma Properties a maiki. Ichi ndimadana nacho, ndisabise. Munthu akaona kuti pulogalamu sikumumva amathamangira kukweza mpaka +30 dB, osadziwa kuti +20 dB yokha imakuza chilichonse kakhumi, ndipo +30 dB kupitirira ka 30. Sichisankha mawu ako okha ayi. Chimakuza fani ya kompyuta, kugogoda kwa zala pa kiyibodi, ndi kaphokoso kodontha m'mahedifoni kaja. Chitsitse, ngati n'kotheka mpaka 0, ndipo m'malo mwake sendeza maiki pafupi, kumbali kwa milomo, patalikire zala ziwiri, kuti mpweya wa p ndi b usamaiombe.

Tsopano yesa ichi. Zimitsa maiki ndi kaswitchi ka pa waya, ngati kalipo, n'kujambulanso. Injini ikamamvekabe maiki ili yozimitsa, ndiye kuti phokoso silikudzera mumpweya. Mwina pulogalamu ikumvetsera Stereo Mix, chimene ntchito yake ndi kujambula zonse zotuluka m'kompyuta, ndipo chimangofunika kuchiletsa pa Recording pomwe paja. Mwinanso ndi waya. Pulagi ya 3.5 mm ya zigawo zinayi imapatsa maiki ndi mahedifoni waya mmodzi wobwererapo magetsi, ndiye mawu amadumphira kwa mnzake, makamaka pa mabowo a kutsogolo kwa bokosi la kompyuta. Sunthira kumbuyo, kapena lumikiza kudzera pa USB. Apa pokha ndi pamene ndingavomere kuti munthu agule kanthu, ndipo kanthuko si maiki.

China chimene chimapusitsa anthu ambiri ndi chakuti kompyuta ili ndi maiki zingapo. Kamera ya pamwamba pa sikirini ili nayo, laputopu ili nayo yake, magalasi a VR ali nayo, ngakhale makontirola ena a masewera. Windows imasunga maudindo awiri osiyana, Default Device ndi Default Communication Device, ndipo pulogalamu ina imatsata uwu, ina uwo. Umatha kukonzakonza maiki ya pakamwa pamene pulogalamu ikumvetsera ya kamera, imene yayang'anizana ndi chipinda chonse. Ine zonse zimene sindigwiritsa ntchito ndimaziletseratu, n'kuipatsa maiki imodzi maudindo onse awiri, kenaka n'kuisankha ndi dzina m'pulogalamu iliyonse. Windows ikalandira zatsopano, kapena ukalumikiza chipangizo china, uonenso, imakonda kusintha mwakachetechete.

Ena anena kuti nanga si pali acoustic echo cancellation? Ilipo, ndipo nzeru yake ndi yabwino: kompyuta imadziwa zimene yatumiza ku masipika, ndiye imazichotsa pa zimene maiki yamva. Pocheza ndi munthu imathandiza. Koma inapangidwira makutu a anthu, amene amatha kudzaza okha pamene padumphidwa. Iwe ukalankhula wapansanja asanamalize, imatha kudula chiyambi cha liwu lako, ndipo lamulo la mawu awiri likadulidwa mutu latha. Zimaipiratu ukayatsa zosefa zingapo nthawi imodzi, ya Windows, ya mahedifoni ndi ya Discord, pulogalamu yochezera pa intaneti. Siya imodzi, kapena osasiya n'imodzi yomwe ngati wavala mahedifoni otseka. Za Bluetooth ndingonena mwachidule kuti maiki yake ikayaka, mahedifoni ambiri amagwera pa 8 kapena 16 kHz, mawu a foni, ndi kuchedwa pamwamba. Ndege sindiyendetsera zimenezo.

Chimene ndimalimbikira kwambiri ndi batani lolankhulira. Pa wailesi ya ndege yeniyeni, ija ya pakati pa 118 ndi 137 MHz, palibe maiki imene imakhala yotsegula nthawi zonse. Woyendetsa amapanikiza batani pa chiwongolero, alankhula, n'kulisiya. Pa VATSIM, kumene kuyambira mu 2001 anthu enieni amalondolerana ndege pa intaneti, mwambo ndi womwewo. Nanga bwanji kunyumba tikufuna pulogalamu izimvetsera usiku ndi usana? Mu VoiceAttack mungathe kuika kuti iyambe kumvetsera ukapanikiza batani la pa joystick n'kuleka ukalisiya. Ena amati zimachotsa kukoma kwa kulamula ndi mawu okha. Ine ndimaona kuti zimawonjezera, chifukwa chala chimaphunzira zimene woyendetsa weniweni amachita. Panikiza, dikira pang'ono, ndiye lankhula, kuti liwu loyamba lisatsale kunja. Ndipo mukamauluka awiri n'kumacheza pa Discord, dziwani kuti wodzimva kawiri nthawi zambiri si mwini vuto. Ndi masipika a mnzake amene akubweza mawu ake, ndiye wokonza ndi uja akuti kwa iye zonse zili bwino.

Kuphunzitsa pulogalamu mawu ako kubwere pamapeto pa zonsezi. Pulogalamu ya Windows yozindikira mawu imasunga kalankhulidwe ka munthu malinga ndi zimene yamva, ndiye ukaiphunzitsa injini ikulira m'maiki ndi Boost ili pamwamba, yaphunzira iwe pamodzi ndi phokosolo. Amene anachita kale zimenezi apange profile yatsopano, mosungira kalankhulidwe kawo, n'kuwerenganso ziganizo zophunzitsira m'chipinda cha bata, ndege ili yozimitsa. Akatero ndi pamene angaweruze ngati katchulidwe kawo kali ndi vuto, ndipo ngakhale pamenepo VoiceAttack imalola kulemba lamulo m'mawu amene lilime lako limawatha bwino. Sankhani mawu amene wapansanja sawanena, lumikizani kutsitsa ndi kukweza mawilo ku mabatani awiri osiyana, ndipo yankho lotsimikiza likhale "three green", mawu a oyendetsa ndege osonyeza kuti mawilo onse atatu atsika, kapena kabelu chabe, osati kubwereza lamulo lomwelo.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda za ndege