Pitani mukaone kumene usipa wathu umachokera

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndilankhule za midzi ya asodzi ya ku Mangochi, chifukwa ife a m'tauni timangodziwa kudandaula kuti usipa wadula pamsika koma zimene zikuchitika kugombe sitizidziwa n'komwe.

Loweruka lapitali ine ndi mnzanga wakalekale, amene tinakulira limodzi koma ntchito inatimwaza, tinapangana zokazungulira kunyanja. Tinakwera minibasi ya ku Monkey Bay m'bandakucha, kenako njinga yamoto mpaka ku Msaka, masana n'kukathera ku Chembe kuja alendo amati Cape Maclear.

Ku Msaka tinapeza mabwato akukocheza kumene. Usipa amaupha usiku ndi ukonde wotchedwa chilimira, siginala amakhala pa kabwato kake ndi nyali zokopera nsomba, anzake n'kumazinga ndi ukonde, ndiye pofika m'mawa anyamata aja maso ali psuu koma mpumulo palibe chifukwa amayi ali kale pamchenga ndi mabeseni, kutsatsana mitengo, wina Chitonga wina Chitumbuka wina Chiyao, phokoso lokhalokha koma lokoma. Usipa ukagulidwa umapita pa matandala kukayanikidwa. Mayi wina anatiuza kuti dzinja likafika mtima sukhala m'malo, mvula ikangogwa masiku otsatizana nsomba zimaolera pathandala pomwepo, mpamba wonse n'kupita, pamene ngongole ya kubanki m'khonde ikudikira.

Koma chimene chinandiwawa kwambiri ndi ichi. Chakumapeto kwa gombe tinaona anthu akukoka neti ya udzudzu m'madzi osaya, ndipo m'beseni mwawo munali tinsomba tosatha n'komwe chala, kasawala, ana a chambo, ali momwemo. Mnzanga uja anangogwira pakamwa n'kuti, "Aise, chambo chija timachisowa kumsika ndi chimenechi, chikuthera muno chisanakule." Zoona ndithu, netiyo maso ake ndi ang'onoang'ono moti sisiya kanthu, imakokolola ndi mazira omwe.

Komabe sindikufuna kuti tingowaloza chala anthuwa. Munthu amene alibe injini, alibe ukonde wovomerezeka, kunyumba ana akudikira ndiwo, mukangomuuza kuti siya osamupatsa pogwira, mawa lomwe abwereranso usiku. Lamulo lotseka usodzi wa makoka m'miyezi ya Novembala ndi Disembala kuti chambo chiswane lilipo, makomiti a m'magombe aja a BVC aliponso, koma komiti yopanda boti ingalondere bwanji nyanja? Chonsecho chitsanzo tili nacho konkuno. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, a Mfumu Makanjira ndi anthu awo akhala akutseka usodzi chaka ndi chaka kuyambira m'zaka za m'ma 1950, amatseka mu Disembala n'kudzatsegula cha mu Epulo, ndipo asodzi amamvera chifukwa lamulolo ndi lawolawo komanso utaka wake amauona ndi maso akatsegula. Bwanji mafumu a kwa Nankumba, kumene kuli Msaka ndi Chembe, ndi magombe ena osapatsidwa mphamvu ndi zipangizo kuti achite chimodzimodzi?

Ku Chembe tinakapumako, tinadya kampango wootcha ndi nsima tikuyang'ana zilumba za Thumbi ndi Domwe, n'kumakumbutsana za kusukulu mpaka misozi ya chiseko. Malowa ali mu Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 a UNESCO anaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha tinsomba ta mbuna tamitundumitundu tija. Alendo amachokera kutali kudzationa, pamene Amalawi ambiri sanapondeko, ndipo izi zimandimvetsa chisoni chifukwa ulendo wake ndi wotheka ndithu, ngakhale wa tsiku limodzi.

Pempho langa kwa akuluakulu oona za usodzi ndi mabungwe ndi loti muwonjezere matenti oyanikira nsomba ndi dzuwa aja m'magombe ngati Msaka, muganizirenso zimbudzi zokwanira pamalo okochezera mabwato popeza kolera wa 2022 ndi 2023 tonse tikumukumbuka, komanso muwapezere asodzi ang'onoang'ono chochita nthawi imene nyanja yatsekedwa. Inunso akonzi, Novembala akafika tumizani mtolankhani akagone kugombe, akacheze ndi asodziwo ndi amayi a pa matandala, tidzawerenge zimene iwo eni akunena.

Wowerenga wanu,
Mangochi