Lipoti la msonkhano wa amakaniko: mpweya wotsekeredwa m'injini

A Wapampando ndi amakaniko anzanga, zikomo ponditumiza. Mitu inalipo ingapo, koma ndafotokoza kwambiri wa PCV, njira yotulutsira mpweya wotsekeredwa kunsi kwa injini, chifukwa ukukhudza ntchito imene timaibwereza kawirikawiri: kusintha ma seal (mphira zotchinga kuti oyilo asatuluke), galimoto n'kubweranso ikudontha.

Petulo akamapsa mu silinda, mpweya wina umapulumuka m'mbali mwa maring'i a pisitoni n'kutsikira kunsi, kumene kuli kirankishafuti ndi oyilo. Ngakhale injini yatsopano imatero, yotha ndiye imaposa. Mpweyawu umatenga petulo wosapsa ndi nthunzi ya madzi. Ukasowa potulukira umakankha oyilo m'ma seal ndi m'magasiketi, ndipo nthunzi ija imasandutsa oyilo kukhala phala lakuda.

Kale ankangoika paipi yolozetsa pansi, mphepo ya pamsewu n'kumaukoka. Galimoto ikaima, kukokako kunkatheranso pomwepo. Ku California anayamba kuika PCV m'magalimoto atsopano mu 1961, kuti utsiwo uzibwerera mu manifodi, mapaipi olowetsa mpweya m'masilinda, n'kukapsanso.

Chimene chinandigwira mtima ndi kavalavu kake. Injini ikamalira galimoto itaima, manifodi imakoka mwamphamvu, ndiye kavalavuko kamatsala pang'ono kutseka kuti mpweya usachuluke n'kusokoneza muyezo wa petulo. Mukaponda moto kamatseguka kwambiri, chifukwa ndi pamene utsi wa kunsi umachuluka. Moto ukabwerera mu manifodi kamatsekeratu. Mpweya wabwino umalowa ndi paipi ina yochokera ku fyuluta ya mpweya.

Kavalavuko kakamatirira kotseka, oyilo amadontha ndipo mumampeza m'bokosi la fyuluta. Kakamatirira kotseguka, injini imanjenjemera ikaima ndiponso imadya oyilo. Ambirife timakagwedeza kuti timve ngati kakulira, koma kulirako sikutsimikizira kuti sipuling'i ili bwino. Injini zambiri zamakono zilibe n'komwe kavalavu kogwedezako. Zili ndi kamphira kopyapyala m'chivundikiro cha pamwamba, kamene kakang'ambika injini imaimba mluzu ndipo chotsekera oyilo chimalimba pochichotsa.

Za injini za turbo, chida chokankhira mpweya wambiri m'injini, tinangodutsamo. Mfundo yake ndi yakuti manifodi ikadzaza mpweya, utsi umadutsa njira ina ya kutsogolo kwa turbo.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira tigwirizane zoti tiziyamba tayang'ana PCV ndi mapaipi ake tisanamasule seal iliyonse. Amene ali ndi injini yotsegula aibweretse kuti ophunzira adzaone okha.