Dandaulo kwa sitolo imene inandigulitsa chotetezera khosi chosagwirizana ndi galimoto yanga

Kwa eni ake ndi oyang'anira sitolo ya zipangizo za galimoto zampikisano,

Ndalemba pano pa tsamba lanu la Facebook chifukwa mauthenga anayi amene ndatumiza pa WhatsApp m'masabata atatu apitawa mwawawerenga koma simunayankhe, ndipo ndikaimba foni ku sitolo kwanu, akangomva dzina langa amandiuza kuti abwana atalikira. Ine ndimakhala ku Moatize. Mpikisano wa liwiro la galimoto si ntchito imene imandidyetsa, koma ndi masewera amene ndimawakonda ndipo ndimawalipirira ndi thukuta langa. Ndinagula kwa inu chotetezera mutu ndi khosi, chija ambiri timangochitchula kuti HANS, pa mtengo wa 32,000 meticais kuphatikizapo ndalama zotumizira kuchokera ku Maputo kufika kuno ku Tete. Chimene munanditumizira sichikugwirizana ndi mpando wa galimoto yanga, ndipo mpaka lero simunavomere kuchisintha.

Ndisanalipire ndinafotokozera wogulitsa wanu zonse: kuti galimoto yanga ndi wamba yadenga imene tinaikonza kuti izichita mpikisano, kuti mpando wake ndi woima pafupifupi chilili, ndiponso kuti malamba ake ndi omangirira malo asanu ndi limodzi. Ndinafunsanso ngati pali muyeso wina uliwonse umene ndiyenera kutumiza. Anandiyankha kuti zipangizo zimenezi n'zofanana zonse, ndipo chofunika n'kungotumiza ndalama kuti katundu anyamuke. Uthenga umenewo ukadali m'foni mwanga.

Zipangizozi sizifanana. Opanga amazipanga mopendekeka mosiyanasiyana, madigiri 10, 20, 30 ndi 40, potengera mmene dalaivala amakhalira pampando. Cha madigiri 20 ndicho chimayenera galimoto zambiri zadenga ngati yanga, pamene cha madigiri 30 chimayenera kwambiri galimoto za mpando umodzi, momwe dalaivala amakhala chotsamira kwambiri chagada. Palinso kukula kwake, kumene kumatengera khosi ndi mapewa a wochivalayo. Wogulitsa wanu sanandifunse ngakhale chimodzi mwa zimenezi.

Phukusi litafika pa basi mumzinda wa Tete, ndinakalitenga n'kuwoloka nalo Zambezi kulunjika ku galaja ya achimwene anga amene amandikonzera galimoto. Ndinachikoleka m'mapewa, ndinavala chisoti, ndinakhala pampando, ndipo achimwene anakoka malamba a m'mapewa mpaka kuthina monga timachitira pa mpikisano. Pompo mbali yake yoima kumbuyo kwa mutu inagunda chisoti n'kundikankhira mutu kutsogolo, chibwano n'kuloza pachifuwa, moti kuti ndione njira ndinkachita kutukula maso ngati munthu woyang'anira pamwamba pa magalasi. Galimoto ili chiimire, injini yosaliza, pasanathe mphindi khumi nkhongo inali itayamba kale kuwawa. Achimwene atachitembenuza anandilozera nambala 30 yolembedwa pamenepo. Munthu angathe bwanji kuyendetsa galimoto pa liwiro lalikulu, anzake ali mbali ndi mbali, mutu uli chowerama chotero?

Mwina kwa inu chipangizochi ndi katundu ngati matayala kapena magolovesi, choncho ndiloleni ndikukumbutseni ntchito yake. Galimoto ikagunda chinthu chakutsogolo, malamba amagwira thupi kuti lisachoke pampando, koma mutu sugwiridwa ndi kanthu. Mutu wa munthu wamkulu pamodzi ndi chisoti umalemera makilogalamu pafupifupi 6, ndipo umapitirira kuthamangira kutsogolo thupi litaima kale. Khosi limakokeka mwamphamvu, ndipo fupa la pansi pa chigaza, pamene mutu umalumikizana ndi msana, limatha kusweka. Ambiri ovulala motero amafera pomwepo. Chotetezerachi chimakhala pa mapewa chitapanikizidwa ndi malamba, ndipo zingwe zake ziwiri zimakoledwa ku chisoti, kuti mutu uime pamodzi ndi thupi, mphamvu ija n'kupita ku malamba m'malo mothera m'khosi.

Chipangizochi chinabadwa chifukwa cha maliro. Robert Hubbard, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Michigan State ku America, anayamba kuchikonza pamodzi ndi mlamu wake Jim Downing, yemwe anali dalaivala wampikisano, mnzawo Patrick Jacquemart atafa pa ngozi pa bwalo la mpikisano la Mid-Ohio mu 1981. Kwa zaka zambiri madalaivala ankachikana. Dalaivala Roland Ratzenberger anafa ndi kusweka kwa fupa la pansi pa chigaza lija pa bwalo la Imola ku Italy mu 1994, ndipo pa 18 Febuluwale 2001 dalaivala wina, Dale Earnhardt, anafa imfa yomweyo pa bwalo la Daytona ku America, pa ngozi imene ambiri oonera sanaiyese yoopsa kwambiri. Mu Okutobala chaka chomwecho bungwe la mipikisano ya galimoto la ku America la NASCAR linalamula kuti dalaivala aliyense wa m'mipikisano yake ikuluikulu azivala chotetezera mutu ndi khosi, ndipo mpikisano wapadziko lonse wa Formula 1 unatsatira mu 2003. Ife amene timachita mpikisano mwa apo ndi apo galimoto zathu sizithamanga ngati zawo, n'zoona, koma khosi lathu si lolimba kuposa la akatswiriwo, ndipo nthawi zambiri thandizo la chipatala limakhala kutali ndi ife kuposa iwo.

Vuto lachiwiri ndi la zizindikiro. Chipangizo chovomerezedwa ndi FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya galimoto padziko lonse, chimakhala ndi chizindikiro cha muyezo wa 8858-2010, kapena wakale wa 8858-2002, ndipo zingwe zake nazonso zimakhala ndi kansalu kawokawo kosonyeza muyezowo. Pa chimene munanditumizira chizindikiro chilipo pa thupi lake, koma pa zingwe palibe kansalu kalikonse, ndipo pamene kanayenera kukhala pakuoneka timabowo ta ulusi basi. Ndinakufunsani ngati zingwezo zinasinthidwa, komanso ngati chipangizochi chinagwirapo kale ntchito kwa munthu wina, pakuti zingwe zimene zakokekapo pa ngozi siziyenera kugwiritsidwanso ntchito. Simunayankhe. Lisiti imene munaika m'phukusi yangolembedwa mawu amodzi, "acessório", kutanthauza chipangizo chowonjezera, popanda dzina la wopanga, mtundu wake kapena nambala yake. Ndikanati ndayenda makilomita oposa 1,500 kupita ku bwalo la mpikisano la ATCM ku Maputo, oyendera galimoto n'kundibweza chifukwa cha zingwe zopanda chizindikiro, mafuta ndi malo ogona akanandibwezera ndani?

Koma chimene chandikhumudwitsa koposa zonse ndi malangizo amene ndinapatsidwa tsiku limodzi lokhalo limene wogulitsa wanu analandira foni yanga. Anati ndingopendeketsa mpando chagada kuti ugwirizane ndi chipangizocho. Mpando wampikisano suli ngati wa m'chapa (minibasi) woti munthu angousuntha mmene wafunira. Unamangidwa ndi mabawuti pamalo amene miyendo yanga imafikira bwino mabuleki, ndipo malamba a m'mapewa tinawamangirira ku chitsulo chakumbuyo mowerengera, chifukwa ayenera kuchoka pa mapewa molunjika kumbuyo, kapena motsika pang'ono osapitirira madigiri 20. Kupendeketsa mpando ndi kusokoneza zonsezi pofuna kubisa kulakwitsa kwa sitolo. Ndinatchulanso mnzanga wina wa ku Ulongwe amene akufuna kuyamba masewerawa ndi galimoto ya malamba wamba ndi chisoti cha njinga yamoto. Wogulitsayo anati naye atha kugula chomwechi, n'kungoboola chisoticho kuti amangirire zingwe. Amenewa ndi malangizo oika moyo wa munthu pachiswe. HANS imadalira malamba awiri a m'mapewa kuti igwire, ndipo pa lamba wamba wodutsa phewa limodzi singagwire ntchito yake. Zisoti za muyezo wa FIA 8859-2015 kapena Snell SA2020 zimabwera ndi malo omangirirapo tizitsulo ta zingwe okonzedwa kale ndi wopanga, pamene chisoti cha njinga yamoto sichinapangidwire mphamvu yokoka imeneyo. Mnzangayo akanamvera, bwenzi akuyenda ndi mtima wokhazikika atavala chinthu chosamuteteza.

Zimene ndikupempha ndi izi. Mulandire chipangizochi, chimene chikadali m'bokosi lake ndipo sichinalowepo mu mpikisano uliwonse, ndipo munditumizire cha madigiri 20 cha kukula kondiyenera, chokhala ndi zingwe za chizindikiro chooneka ndi lisiti yotchula wopanga, mtundu ndi nambala yake, kuti ndikathe kuchiyang'ana pa mndandanda wa zipangizo zovomerezeka umene FIA imaika pa intaneti. Ngati mulibe, mundibwezere ndalama zanga zonse. Ndalama zotumizira ulendo uno zikhale zanu, popeza ine ndinafotokoza galimoto yanga ndisanalipire. Ndikupemphanso kuti ogulitsa anu aphunzitsidwe kufunsa za mpando, malamba, chisoti ndi muyeso wa khosi asanalandire ndalama ya munthu, makamaka ife a zigawo zakutali amene sitingathe kufika ku sitolo kudzayesa.

Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza ogula, nambala 22/2009, ndipo limapatsa wogula ufulu wouzidwa zoona za katundu ndi wotetezedwa pa moyo ndi thanzi lake. Ndikupatsani masiku 10 kuchokera lero. Akatha opanda yankho, ndidzapita ndi dandauloli ku ofesi ya boma yoyendera zamalonda kuno ku Tete, nditanyamula lisiti, mauthenga athu onse ndi zithunzi zimene achimwene anandijambula ndili pampando. Nambala yanga ya foni muli nayo, ndi yomweyo imene ndinatumizirapo ndalama.